Nyali Zosazima ndi Chitseko cha a Jailosi

Nyali zija ndinaziika ndekha, ndipo mpaka lero ndimanena zimenezi monyada, ngakhale kuti zinaliritsa mudzi wathunthu. Linali Loweruka m'mawa, nyengo ya masau, pabwalo pathu ku Degue, dzuwa la ku Tete lisanayambe mwano wake. Lolemba lake tinali ndi ulendo wa ku Mwanza, ku Malawi, ine ndi ababa anga a Dumingu, kukapereka chitseko chimene chinachedwa ndi zaka zoposa makumi atatu.

Ndiyambe ndi chitsekocho, chifukwa popanda icho ulendowu sukanakhalapo. Nthawi ya nkhondo tinathawa kwathu ku Tsangano n'kukagwera m'mudzi wina kufupi ndi Thambani, m'boma la Mwanza. Anatilandira ndi a Jailosi ndi akazi awo aNangozo, anthu amene panalibe ubale ndi ife ngakhale wapatali. Anatipatsa khitchini yawo kuti tizigonamo, kenako kachigawo ka dimba. Sukulu ndinayambira konko, n'chifukwa chake mpaka pano Chichewa ndimachilemba bwino kuposa Chipwitikizi. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi anadwala masiku anayi okha n'kutisiya. Matabwa kunalibe. Anthu atayamba kunong'onezana zowakulunga mu mphasa, a Jailosi anaimirira n'kukazula chitseko cha nyumba yawo. Ababa, amene anali kalipentala, anachisandutsa bokosi tsiku lomwelo, kuwonjezera matabwa a benchi.

Titachoka kumanda, ababa anatenga chingwe cha khonje n'kuyeza khomo lopanda chitseko lija, mfundo imodzi m'litali, ina m'lifupi. Anauza a Jailosi pamaso pa anthu kuti chitseko chawo chidzabwerera. Mpaka tsiku limene tinakwera lole yobwerera ku Mozambique mtendere utabwera, banja lija linkatseka pakhomo ndi bango.

Sitinabwerere ku Tsangano. Tinatsikira mumzinda wa Tete muno chifukwa ntchito inali kuno, ndipo ababa akhoma zitseko zosawerengeka ku Degue, ku Canongola mpaka kutsidya ku Matundo. Cha a Jailosi chokha ndicho chinkakanika. China ankati thabwa lake lili ndi mfundo, china ankati chapindika ndi dzuwa, china ankangochipereka kwa mnansi. Zoona zake n'zakuti chaka chilichonse manyazi ankakula, ndipo atakula kwambiri anayamba kuoneka ngati mkwiyo. Munthu akatchula Mwanza pakhomo pathu, ababa ankadzuka n'kupita kukanola tchizulo. Kenako dalaivala wina wobweretsa manachesi anatiuza kuti a Jailosi miyendo yatupa, kudimba anasiya kupita. Sabata yomweyo ababa anatulutsa chingwe chija m'chitini mmene amasungamo makalata, n'kugula matabwa a mlombwa. Maso anali atayamba kale kuchita nkhungu, moti ntchito yambiri anaigwira ndi zala. Anakaniza zoimba foni kapena kutumiza uthenga. Mantha anga anali amodzi: kuti munthu wamkuluyu akatembenukira panjira, a Jailosi n'kupita osaonana naye.

Tsono nyali. Ine ndimakatenga mbatata ya kachewere ku Angonia n'kudzagulitsa mumzinda, pa kapikapu kakale ka mtundu wa fumbi. Mwezi umodzi m'mbuyomo, chilole china chimene chinkapitirira chinzake kutsogolo kwa Moatize chinatsala pang'onong'ono kundipsompsona. Dalaivala wake atatsika analumbira kuti sanandione m'fumbimo, ndipo ndinamukhulupirira. Ndinagula nyali ziwiri zamasana, zija zimakhala ndi timababu toyera tondondozana. Makanika wina wa m'dera la Josina Machel anazitembenuzatembenuza n'kunena kuti ndibwere Lachiwiri, ndiponso kuti zamagetsi si ntchito yoti mayi aziyesa. Mawu achiwiriwo ndi amene anandichititsa kugula pulayasi, tepi yakuda ndi katesita ka babu.

Ndinayala katoni pansi n'kugona chagada kunsi kwa bampala. Kuboola timabowo tinayi kunanditengera ola lathunthu, chifukwa ndinayeza kawiri koma nyali yakumanzere inakhalabe yopendekera, ngati munthu wokweza nsidze imodzi. Ndinadutsitsa mawaya kuseri kwa giliro, tizitsulo ta kumaso kwa galimoto, kutali ndi redieta kuti asapse, n'kumamanga ndi tizingwe ta pulasitiki. Waya wakuda ndinaumangirira pa bauti ya thupi la galimoto, nditapala penti ndi mpeni. Wofiira ndiye unandivuta. Unkafunika kulowa m'bokosi la mafyuzi, pamalo pamene moto umabwera pokhapokha wapotokola kiyi. Poyamba ndinaulowetsa polakwika, nyali n'kuyaka kiyi ali m'thumba mwanga, zimene zikanamaliza batire usiku umodzi. Ndinayamba kugunda fyuzi iliyonse ndi katesita kaja, kiyi atazimitsa, kiyi atayatsa, mpaka ndinapeza yomvera kiyi. Inali fyuzi ya mawaipa. Ndinapanikiza waya pamwendo pake, ndinakulunga tepi, ndipo nditapotokola kiyi, khoma la nyumba linawala masana dzuwa likuswa mtengo.

Nthawi yonseyi ababa anali pakampando pansi pa mtengo wa nimu, akupaka vanishi yomaliza pachitseko, kwinaku akundiyang'anira ntchito ngati kapitawo. Anafunsa kuti pozimitsira ndaika pati. Ndinayankha kuti palibe, mwadala, kuti ndisamaiwale kuyatsa.

"Firimina," anatero, "galimoto yoyatsa nyali masana yanyamula maliro."

Ndinaseka. Ndinawauza kuti zimenezo n'zakale, masiku ano magalimoto atsopano onse amatuluka kufakitale ali choncho. Iwo anangoviika burashi m'chitini n'kunena kuti magalimoto atsopanowo sapita ku Thambani.

Lolemba tinanyamuka kutangocha. Chitseko anachikulunga m'bulangete kuti chisakalike, pamwamba pake chitenje, n'kuchigoneka kumbuyo, chomangidwa ndi zingwe zitatu. Iwo anavala jekete la kutchalitchi ndi chipewa, thumba la zipangizo lili pamiyendo. Pa mlatho wakale wa Zambezi tinapeza mzere wa njinga zamoto ndi mashapa, maminibasi athu akuno, ndipo tinkasuntha pang'onopang'ono mlatho ukunjenjemera pansi pathu. Ababa sanayang'ane madzi. Anayamba kufunsa ngati ndatseka bwino mpopi wa kunyumba, ngati mbuzi yasiyiridwa madzi, ngati mapepala a galimoto sanathe ntchito. Ndinkayankha mafunso onsewo mofatsa, podziwa kuti chimene akufuna ndi chifukwa chobwererera.

Ku Matundo tinathira mafuta. Kuyambira pamenepo mpaka Moatize ndi malole okhaokha, ndi fumbi lakuda la malasha limene limakulowa ngakhale m'mano. Ine mtima unali pansi, chifukwa ndinaona madalaivala akubwerera kumbali kwawo ndikali kutali, ndipo ndinawauza ababa kuti aone ntchito ya manja a mwana wawo. Anati aona mbuzi zikuthawanso.

Potuluka m'tauni ya Moatize panali mayi wina wa ku Malawi ataima ndi mitolo iwiri ya nsomba zouma za chikowa, akudikira shapa ya ku Zobwe. Malo analipo, ndiye ndinaima. Mayiyo anayang'ana nyali, anayang'ana katundu wokutidwa kumbuyo, kenako anagwada pang'ono pawindo n'kunena motsitsa mawu kuti pepani ndi zovutazi, iye adikira ina. Ababa sanaseke ndipo sanandiyang'ane. Anangovula chipewa, kuchipukuta fumbi, n'kuchivalanso mwaulemu wonse, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kundinena. Nditamufotokozera mayiyo kuti ndi chitseko chabe, anaseka mpaka kugwira bampala. Dzina lake anali mayi Marita, wa ku Mwanza komweko. Tinagwirizana kuti apereke theka la mtengo wa shapa, ndipo nsomba anaziika kumiyendo kwa chitseko, ababa atakana kuti zigunde bulangete.

Koma asanalole kuti tinyamuke, analamula kuti nyali zizime. Anati sangalowe m'dziko la eni ali mtembo. Pozimitsira panalibe, ndipo kudula waya umene ndinauvutikira Loweruka lonse sindikanalola. Ndinatsegula bokosi la mafyuzi lija n'kuzula fyuzi yonse, kuiponya m'thumba la malaya. Kumwamba kunali mbee, mawaipa sindinawaganizire n'komwe.

Mayi Marita anali munthu woti ukakhala naye wailesi siifunika. Tisanafike pa Kambulatsitsi anali atatiuza za mwamuna wake woyamba, za mtengo wa mchere, ndi za dzino limene linamuvuta chaka chonse. Pa Kambulatsitsi tinaima kuti timwe tiyi ndi buledi wa Chipwitikizi, uja wolimba kunja. Pamenepo ababa anagwiragwira m'matumba n'kulengeza kuti aiwala mahinjesi, ndipo chitseko chopanda mahinjesi ndi thabwa chabe, bola tibwerere tidzanyamuke bwino sabata yamawa. Ndinatsegula thumba limene linali pamiyendo pawo n'kutulutsa mahinjesi atatu okulungidwa m'nyuzi, amene ndinawaona akulongedza okha dzulo lake. Mayi Marita anayang'ana ine, anayang'ana iwo, ndipo anafunsa kuti kodi chitsekochi n'cha ndani. Ndinadabwa kumva ababa akufotokoza okha nkhani yonse, kwa munthu wachilendo, nkhani imene kunyumba sinkatchulidwa. Mayiyo anakhala chete kwa nthawi yoyamba chichokere ku Moatize.

Pa Musakama, pamene msewu wa ku Angonia umapatuka, ndimakhota sabata iliyonse popanda kuganiza kanthu. Tsiku limenelo ndinapitirira, ndipo ababa anatembenuza khosi kuyang'ana mapiri a kwathu mpaka anabisika. Anakumbutsa mmene tinadutsira m'mapirimo wapansi, amayi atasenza mphika umodzi ndi nkhuku yomangidwa mlomo, ine ndikulirira nsapato imene inatsalira m'matope. Ndinawauza kuti nsapatoyo ndimaikumbukira, inali yofiira. Anati inali yabuluu. Tinakangana za nsapato imeneyo mtunda wautali ndithu, ndipo ndi nthawi yokhayo paulendo wonse imene ndinawamva akuseka.

Msewu utayamba kukwera kulowera ku Zobwe, nyengo inatembenuka. Kunagwa chiperoni, nkhungu yothina ndi kamvula kowaza, ndipo galasi linachita mbuu. Ndinakankha kandodo ka mawaipa, koma zii. Ndinaima pambali, malole akutidutsa ngati zithunzithunzi, ena osatiwona mpaka atafika pafupi. Ndinatulutsa fyuzi ija m'thumba n'kuiika pachikhatho, ndipo ndinawauza ababa kuti asankhe okha: mawaipa ndi nyali pamodzi, kapena tikhale pompano mpaka kuche bwino. Anati zimenezi ndinapangira dala. Sindinapangire dala, unali umbuli chabe, koma ndinangokhala chete kuti aziganiza kuti ndine wochenjera. Chilole china chitatiwomba ndi mphepo mpaka galimoto kugwedezeka, mayi Marita anati iye ali ndi ana anayi, bola kuoneka ngati maliro kusiyana n'kukhala maliro enieni. Fyuzi inabwerera m'malo mwake.

Pa chipata cha Zobwe tinakhalapo maola atatu. Mzere wa malole unayambira kutali, osintha ndalama anatizungulira ndi mitolo yawo, ogulitsa mazira owiritsa ndi chimanga chootcha akugogoda pawindo. Ziphaso zinadindidwa msanga, koma mapepala a galimoto anafuna mawindo atatu osiyana, ndipo pawindo lililonse panali madalaivala khumi patsogolo panga. Kumbali ya Malawi wantchito wina wachinyamata anapempha kuti timasule katundu, n'kufunsa mtengo wa chitsekocho ndi kumene tikukagulitsa. Ababa anayankha kuti sakugulitsa, akubweza. Wantchitoyo, amene mwina nkhondo ija inatha asanabadwe, anasisita thabwalo ndi dzanja, analemba zolemba zake, n'kutithandiza kukulunganso bulangete.

Nditabwerera kuchokera pawindo lomaliza, ndinapeza ababa atakhala pamwala, atakumbatira thumba lawo, akuzizidwa. Anandionetsa pamene panaima lole imene inatibweza kwathu, ndi pamene a Jailosi, amene anatiperekeza mpaka pamenepo pa njinga, anaponyera thumba la manachesi m'lole ikuyenda kale. Kenako ananena chimene ndinkachiyembekezera tsiku lonse. Anati mayi Marita ndi munthu wokhulupirika, tingomupatsa chitsekochi akapeze wokachitula kumudzi, ife tibwerere kukadali kowala.

Ndinapsa mtima, ndipo sindibisa. Ndinali nditatopa, ndili ndi njala, ndiponso ndinali mwana amene sanaone manda a mayi ake kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri chifukwa cha manyazi a munthu wina.

"Ababa, mashapa obwerera ku Tete ndi awo ali apowo," ndinatero. "Ine ndikupita kwa amayi."

Anakhala pamwalapo kanthawi. Kenako anadzuka, anasasa jekete, n'kukalowa m'galimoto. Mayi Marita tinawatula pa boma la Mwanza. Potsika anasiya nsomba ziwiri pampando, akuti za odwala, ndipo anagwira ababa dzanja nthawi yaitali.

Msewu wa ku Thambani ndi wafumbi, ndipo chiperoni chinali chitausandutsa phala. Tinayenda pang'onopang'ono, tikufunsa njira, chifukwa mitengo imene ndinkaidziwa inadulidwa ndipo pamene panali tchire pali magolosale. Chimene sichinasinthe ndi kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi, kamene ndinkatsukako mbale ndi ana a aNangozo. Titawoloka, ababa anati ndiime. Ndinkati ayambanso. Koma anati munthu wobwera kudzapepesa safika atakhala pampando wa galimoto, ine nditsogole ndi katundu, iwo asambe kumaso abwere wapansi. Ndinawayang'ana m'maso kuti ndione ngati akunama. Anandipatsa chiphaso chawo kuti ndisunge, n'kutsika ndi thumba la zipangizo.

Ndinamanga duku ndi chitenje, monga mwana wamkazi wolowa pamudzi pa akulu, ndipo ndinakwera kamtunda kaja ndi giya yoyamba chifukwa cha matope. Za nyali ndinali nditaiwaliratu. Woyendetsa saziona, ndipo kunja kunali kwa mitambo moti zinkawala kwambiri. Pa golosale amuna amene ankasewera bawo anaimirira n'kuvula zipewa. Amayi awiri anatula ndowa pansi. Pagalasi ndinaona anthu akunditsatira mwakachetechete, ndipo ine, wanzeru za mafyuzi, ndinkati akudabwa kuona mayi akuyendetsa galimoto ya nambala ya ku Mozambique.

Mtengo wa mango unali pomwe paja. Nyumba inali ina, ya njerwa zootcha, ndipo khitchini yathu ija kunalibe. ANangozo anatuluka akupukuta manja, atakalamba, atafupika. Anayang'ana nambala ya galimoto, nyali, katundu wamtali wokutidwa ndi chitenje, kenako nkhope yanga, imene anthu amati ndi ya amayi. Anatchula dzina langa kamodzi, n'kuika manja kumutu. Kulira kwawo kunalandiridwa ndi amayi a kuseri kwa nyumba, kenako a kutsidya kwa msewu. Ndinatsika ndikugwedeza manja kuti ayi, ayi, koma ine ndemwe misozi inali ikutsika chifukwa chowaona, ndipo amayi awiri anandigwira m'mapewa n'kundikhazika pansi ngati namfedwa. Phokoso la kulira linameza mawu anga.

A Jailosi anatuluka ndi ndodo, akukoka miyendo, chipewa chili m'manja. Anthu anawapatsa njira. Anafika kumbuyo kwa galimoto n'kuika dzanja pabulangete, ndipo kulira kunatsika kuti amveke.

"Mwabwera, a Dumingu," anatero. "Ndinkadziwa kuti mudzabwera, koma sindinkati chonchi. Malo ndinakusungirani pafupi ndi akazi anu, chaka chilichonse ndimalambulapo. Koma munandilakwira, achimwene. Chitseko n'chiyani? Mukanangobwera chimanjamanja, ine ndikanakupherani nkhuku."

Kumbuyo kwa gulu kunali nkhalamba ya jekete, nsapato zili matope okhaokha, thumba lili m'khwapa. Palibe amene anaizindikira, anthu ankayesa ndi wina wobwera kudzakhuza. Ine ndinaiona. Inali itavula chipewa, ndipo kwa kanthawi ndinaopa kuti itembenuka n'kubwerera kumtsinje. Koma inadutsa pakati pa anthu mpaka inaima pambali pa a Jailosi.

"Achimwene," anatero ababa, "nkhukuyo ikadalipo?"

A Jailosi anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana munthuyo, anayang'ana bulangete, anayang'ananso munthuyo. Ana ena anathawa. ANangozo anadula kulira pakati, anayandikira n'kuwatsina ababa pamkono kuti atsimikize, kenako anavula duku lawo n'kuyamba kuwakwapula nalo pamsana, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Amuna awiriwo sanakumbatirane, si anthu otero. A Jailosi anangosiya ndodo kugwa n'kugwira jekete la ababa ndi manja onse awiri, ndipo anaima choncho nthawi yaitali. Ine ndinakwawira m'galimoto n'kuzimitsa injini, nyali n'kuzima.

Zinatenga nthawi kuti uthenga ufike kumapeto kwa mudzi kuti maliro kulibe, moti ena anafika ndi nkhuni ndi ufa m'timabeseni. Popeza zinali zitabwera kale, aNangozo anati zisabwerere, ndipo nkhuku zinafa ziwiri. Ababa anauza aliyense wofika kuti iwo anachenjeza, koma ana a masiku ano samva. Ndinavomera mlandu pamaso pa mudzi wonse, ndipo sindinavomerepo mlandu mokondwa chotero.

Chitseko chitamasulidwa, anthu anachizungulira akusisita mlombwa wofiirawo. Ababa anatulutsa chingwe cha khonje chija n'kuchiyeza pakhomo la nyumba yatsopano. Mfundo sizinagwirizane ndi khomo. Nyumba imene anayeza inagwa kalekale, ndipo khomo la iyi linali lalifupi ndi zala zinayi, lotsekedwa ndi lata lokhomedwa pa timitengo. Ababa anaima ndi chingwe chawo m'manja, nkhope itagwa. A Jailosi anati palibe vuto, kalipentala alipo, zipangizo wabwera nazo, ndipo asafulumire chifukwa ntchito yothamangira siikhala bwino. Kenako anagogoda thabwalo ndi chala n'kunena kuti matabwa ake ndi abwino, tsiku lawo likadzafika ana asadzavutike kufuna bokosi. Ababa anayankha kuti achikhoma ndi misomali yoti munthu asadzazule.

M'mawa mwake, titapempha kwa eni mudzi, anatiperekeza kumanda. Manda a amayi anali olambulidwa bwino, atazunguliridwa ndi miyala, ndipo pambali pake panali malo opanda udzu, a muyeso wa munthu mmodzi. Ndinalira kulira kumene ndinakusunga kuyambira ndili mwana. Ababa anayang'ana malo opanda udzuwo n'kuuza a Jailosi kuti apitirize kulambula, koma asayembekezere mlendo msanga.

Ntchito yodula zala zinayi inawatengera masabata atatu. Ine ndinabwerera ndekha ku Tete Lachitatu, chifukwa mbatata sidikira, ndipo nditapita kukawatenga ndinawapeza atanenepa, akukangana ndi a Jailosi pa bawo, chitseko chikutseguka popanda kulira.

A Jailosi anamwalira chaka chotsatira, nyengo ya masau yomweyo. Uthenga unabwera pa foni m'mawa, ndipo pofika masana ababa anali atasankha matabwa asanu ndi limodzi a mlombwa, amene ndinazindikira kuti anawagula kale n'kuwabisa kuseri kwa nyumba. Anati chitseko chija sichizulidwa, bokosi akakhoma okha. Tinakweza matabwawo, tinawakuta ndi bulangete lomwe lija. Nditapotokola kiyi, nyali zinawala pakhoma, yakumanzere ili chipendekere. Pokumbukira ulendo uja ndinatambasula dzanja kuti nditsegule bokosi la mafyuzi, koma ababa anandigwira pamkono.

"Zisiye ziyake," anatero.